Kandege Kotuwa ka Bambo Anga

Bokosilo linabwera ndi katundu wa ku Joni, mpunga titakolola kale, kunja kutayamba kutentha. Mchimwene wanga, amene ankasamalira maluwa pakhomo pa mzungu wina kumeneko, anatumiza mabulangete awiri, ketulo, nsapato zimene sizinakwane aliyense pakhomo pathu, ndi bokosi lophwatalala lojambulidwa ndege yankhondo pamwamba pake. M'kalata anati abwana ake ankataya zakale za m'galaja, iye n'kutola bokosilo pokumbukira bambo. Ine ndinaligwedeza, tinthu n'kulira m'katimo, ndiye ndinati, "Koma munthu ameneyu! Malo onsewa bwenzi ataikapo shuga."

Bambo sanaseke. Analilandira ndi manja awiri, n'kulipukuta fumbi ndi mkono wa malaya awo.

Apa n'kuti patatha chaka ndi miyezi ingapo mayi atamwalira. Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Biriwiri, kumapiri, koma anakhala kwathu kuno ku Bwanje zaka zoposa makumi anayi, ndipo nyumba yamalata imene ndinkakhalamo nawo anaimanga ndi thukuta la kumigodi. Mwambo wathu ndi wakuti mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa, abale a mkazi n'kumuperekeza kwawo. Koma tsiku losudzula, malume, alongo awo a mayi, amene ndiwo eni mbumba yathu, anaimirira pagulu n'kunena kuti, "Alamu, inu sitikuperekezani. Mwakalambira pano. Mkazi wanu wagona pano, nanunso mudzagona pambali pake." Ndinaona bambo akupukuta misozi ndi chipewa. Chimene ankafuna pa masiku awo otsalawo chinali chomwecho basi: kukhala m'nyumba mwawo, n'kudzaikidwa pafupi ndi mayi.

Kukhala anakhaladi, koma kukhala kwake! Kukacha ankatulutsa mpando pakhonde n'kumangoyang'ana njira ya ku sikimu ya mpunga. Chifuwa cha kumigodi chinkawavuta, khasu anali atalisiya. Ndikawapatsa chakudya ankangolawa n'kukankha mbale. Kutchalitchi kokha ndiye sankajomba, poti anali mkulu wa mpingo, ndipo pa maliro ndi iwo ankayambitsa nyimbo.

Ndege zankhondo ankazidziwa. Atasiya ya kumgodi anagwirapo ntchito pafamu ina yoyandikana ndi bwalo la asilikali, ndipo tili ana ankatiuza kuti ndege zimenezo zimadutsa zii, phokoso lake n'kumabwera pambuyo. Ife tinkati akutinamiza. Kumgodiko nakonso sankagwira pansi pa nthaka nthawi zonse. Zaka zina anali wothandiza amakanika, ndipo ndi kumeneko anaphunzira kuwerenga mapepala a makina, aja okhala ndi mizere ndi manambala okhaokha.

M'bokosimo munali timafelemu totuwa ta pulasitiki, tizidutswa tambirimbiri titamatirira pamenepo, kalikonse ndi nambala yake. Munalinso chipepala chopindapinda, tizitini ta penti, kachubu ka guluu, ndi kapepala ka zizindikiro zomata. Bambo anatambasula chipepala chija pamaondo, chala chikutsata mizere, mpaka tiyi wawo anazizira. Kenako anandiitana.

"Mwanangu, kandigulire lezala. Latsopano, osati lija umawengera zikhadabo."

Aka kanali koyamba kundituma kanthu chimwalirireni mayi. Ndinathamanga ngati mwana.

Tsiku loyamba anagwirira pakhonde. Ana a m'mudzi anaunjikana kudzaona chithunzi cha pabokosi, bambo n'kumawafotokozera kuti ukandandika tindege ngati aka makumi anayi ndi tisanu ndi titatu, ndiye wapeza kutalika kwa yeniyeni. Anadzuka n'kuyeza ndi mapazi kuchokera pakhonde mpaka kupitirira mtengo wa mango. Ndiye anadutsa amayi ochokera ku sikimu, makasu ali paphewa. Mmodzi anakuwa, "Agogo ayamba zidole! Mukamaliza mutipangireko galimoto ya mawaya!" Onse n'kufa nazo kuseka mpaka kukafika kumjigo.

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense wondidziwa angakuuzeni. Ndinapsa mtima, inde, koma chimene chinandidya kwambiri chinali manyazi. Mkulu wa mpingo, munthu wa imvi mutu wonse, n'kumaseweretsa pulasitiki pakhonde anthu akudutsa? M'mawa mwake ndinanyamula tebulo n'kukaliika m'chipinda chochezera.

"Wachotseranji tebulo?" bambo anafunsa.

"Fumbi, Bambo. Mukayamba kupaka penti lizimatirira."

"Nanga chitsekochi ukutsekeranji?"

"Nkhuku."

"Nanga nsaluyi pawindopa?"

"Ana asamakusokonezeni."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kungoti, "Chabwino, mayi mwini nyumba." Kumudzi kuno chitseko chikatsekedwa masana munthu ali m'kati, anthu amafunsana. Ndinabadwira pano, ndinkazidziwa zimenezo. Koma manyazi anandiphimba m'maso, ndipo chitsekocho ndinachitseka ndi dzanja langa ine.

Masabata atatu amene anatsatira ndimawakumbukira bwino kuposa zaka zambiri za moyo wanga. Guluu wa m'kachubu anali atauma gwa, ndiye tinagula supagulu pagolosale, bambo n'kumamudontheza ndi nsonga ya singano. Kachidutswa kalikonse ankakadula ndi lezala, kukasalaza ndi kasandipepa, kukayesa kaye pamalo pake kawiri kapena katatu asanamate. Anayamba ndi pokhala woyendetsa: kampando, kandodo kowongolera, ndi kamunthu kamene mutu wake unali wochepa kuposa nyemba. Burashi munalibe m'bokosimo. Anameta ubweya kumchira kwa mbuzi yanga n'kuumangirira ku kamtengo ka machesi, mbuziyo ikulira ngati akuipha. Penti anali atalimba, koma atadonthezamo palafini anasungunuka. Manja awo, amene ankanjenjemera akagwira kapu, akagwira singano ankakhazikika. Sindinamvetse, ndipo mpaka lero sindimvetsa.

Pomata mapiko anatenga mapegi anga onse oyanikira zovala. Ndinati, "Bambo, nanga ine zovala ndiziyanika ndi mano?" Anati, "Uziyanika paudzu ngati mayi ako." Masiku amenewo anayambanso kudya bwino. Anayamba kung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi ali chiweramire patebulo. Tsiku lina anandikalipira zenizeni chifukwa ndinasesa pansi pa tebulo n'kutaya kathayala, ndipo tinakagwada tonse kudzala kufukula zinyalala mpaka tinakapeza. Ndinasangalala kukalipiridwa, abale. Ndinati mumtima, bambo anga abwerera.

Chipepala chija chinkanena kuti asanatseke thupi la ndege aike kanthu kolemera kumphuno, chifukwa ikapanda kutero idzakhalira kumchira. Bambo anapeza nati ya njinga. Kuti isamagubuduke m'katimo, anaikulunga m'kansanza n'kumanga ndi ulusi wakuda umene unali m'chitini cha mayi. Ine ndinali kumjigo. Nthawi yomweyo akazi a malume anabwera kudzabwereka sefa. Anati odi, bambo n'kuyankha kuti lowani, poti manja anali otangwanika. Mayiwo anakankha chitseko. Anapeza chipinda chamdima, nsalu ili pawindo, nkhalamba ikulowetsa kanthu kokulungidwa m'nsanza, komangidwa ndi ulusi wakuda, m'mimba mwa kandege.

Bambo anandiuza akuseka nditabwera. "Ndimati ndiwaonetse, ndimvekere ikapanda aka siingaime bwino. Koma atuluka chafutambuyo, ndi sefa yomwe aiwala."

Ine sindinaseke. Zaka zimenezo, matipate atabwera, pa wailesi tinkamva kawirikawiri kuti kwinakwake kwagwa ndege ya ufiti, mwina lichero, mwina kanthu komangidwa ndi nsanza ndi nthenga, ndipo nkhalamba yakutiyakuti aigenda. Ndinachotsa nsalu pawindo tsiku lomwelo, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Koma nkhani inali itatuluka kale.

Patangopita masiku ochepa, mdzukulu wa malume, kamtsikana ka zaka zisanu, anadwala malungo. Thupi litatentha kwambiri anayamba kubwebweta, ndipo amene anali pomwepo akuti ankangoti ndege, ndege, agogo. Nanga mwana amene anaima pakhonde pathu n'kuona chithunzi chija angabwebwete za chiyani? Anachedwa naye pakhomo masiku awiri. Pamene ankamukweza pa njinga kupita kuchipatala n'kuti atafooka kale, ndipo anamwalira panjira.

Pa maliropo bambo anapita atavala jekete lawo, monga mwa nthawi zonse. Kumanda anayambitsa nyimbo. Anaimba mzere woyamba okha, wachiwiri okha, palibe anawapolokeza. Munthu wina kumbuyo anayambitsa ina, gulu lonse n'kulandira. Titabwerako, amuna anakhala m'timagulu pansi pa mitengo, anayi kapena asanu pa mbale imodzi monga timachitira. Ine ndinali kophikira, koma ndinkaona. Madzi osamba m'manja atafika pagulu la bambo, wina anadzuka ati akukaona njinga yake, wina ati aitanidwa, wina anangochoka osanena kanthu. Bambo anatsala okha ndi mbale ya anthu asanu. Anasamba m'manja, kupemphera, n'kudya nthongo ziwiri kuti asaoneke ngati anyoza chakudya cha pamaliro. Kenako anavala chipewa n'kubwerera kunyumba.

Mawa lake kumjigo mayi wina ananena mokweza, akuyang'ana kumwamba, kuti masiku ano ena sakudikiranso mdima, akumanga zawo dzuwa likuswa mtengo. Ndinatula ndowa. Zimene ndinanena sindingazilembe pano. Ndinatukwana, sindibisa, ndipo ndinamugwira nsalu yake mpaka anthu anatileretsa. Ndinkaganiza kuti ndikuteteza bambo. Pofika masana mudzi wonse unkanena kuti mwana wake wachita kulusa chifukwa zamukhudza.

Malume anabwera Lolemba m'mawa. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, n'kukhala pampando umene ndinawapatsa. Malume sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Iwo ndi bambo anapitira limodzi ku Joni ali anyamata, ndipo ankagawana fodya ndi nkhani kwa zaka zonsezo. Tsikulo maso awo anali ofiira. Malonje anatenga nthawi yaitali: za chifuwa, za kutentha, za madzi ochepa mu ngalande. Kenako anaweramitsa mutu.

"Alamu, ine ndimakudziwani. Koma mbumba yakhala pansi."

"Ndikumva," bambo anatero.

"Akuti chinthucho chiwotchedwe pamaso pa onse. Mukatero, nkhani yatha, mukhala. Mukakana, akuti ndikuperekezeni ku Biriwiri."

"Inuyo mukuti bwanji, alamu?"

Malume anapukuta kumaso ndi dzanja. "Ine ndaika mdzukulu wanga m'manda. Mutu wanga sukugwira."

Bambo anayang'ana kuchitseko cha chipinda chochezera. Kenako anati, "Sichinathe. Ndipatseni mpaka Loweruka. Ndimalize, anthu achione chili chathunthu, ndipo ndidzayankha pomwepo."

Malume atachoka ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. "Bambo, chonde, ndi pulasitiki chabe. Wotchani lero lomwe. Achimwene atumiza ina, tidzaimanga poyera."

"Ndikawotcha ndiye kuti ndavomera kuti mwana uja ndinamupha ndine."

"Anthu adzaiwala."

"Ine sindidzaiwala. Ndizikaima bwanji kutsogolo m'tchalitchi?"

"Nanga mukapita? Ku Biriwiri mukakhala ndi ndani? Nanga mayi, muwasiya okha kumandako?"

Bambo anadzuka, n'kuyamba kukoka tebulo okha, akutsokomola, mpaka ndinawathandiza kulitulutsa. Tinakaliika pansi pa mtengo wa mango, pambali penipeni pa njira.

Masiku asanu amenewo anagwira ntchito aliyense akuona. Ankayamba dzuwa likangotuluka, mphepo isanadzuke. Anapaka thupi lonse penti wotuwa, kupyapyala, n'kudikira kuti aume, n'kupakanso. Anthu ankadutsa chakutali, ena n'kulambalala kudzera m'munda. Ana anali ataletsedwa. Fumbi limene ndinanamizira lija linabweradi, moti Lachiwiri kamvuluvulu anadutsa penti asanaume, phiko limodzi n'kukhala ngati lathiridwa mchenga. Bambo analisalaza ndi sandipepa n'kuyambiranso, osadandaula. Pofuna chovindikirira, anatambasula dzanja kutenga lichero langa. Ndinalilanda msangamsanga.

"Bambo, lichero ayi!"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana lichero, kenako anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Nanenso ndinaseka, misozi ikutsika. Sabata yonseyo tinaseka kamodzi komweko. Tinavindikira ndi beseni.

Lachitatu anamata mathayala ndi timizinga ta pansi pa mapiko. Lachinayi zinali zizindikiro. Ankadula chimodzichimodzi, kuchiviika m'madzi a m'sosala, chikafewa n'kuchitsetsereza ndi singano kuchoka papepala kupita pa ndege. Chimodzi chinang'ambika pakati, anachilumikiza mosamala moti sungadziwe. Chotsala chinali kagalasi kophimba woyendetsa. Anayesa supagulu pa kachidutswa kotsala n'kuona kuti amachititsa khungu galasi, ndiye anandituma kwa akalipentala kukapempha guluu woyera wa matabwa. Akalipentalawo, munthu amene bambo anamuimirira pa ukwati wake, anathira guluuyo m'kachitsekerero ka botolo n'kukaika pansi kuti nditole ndekha. Kundipatsa m'manja anaopa.

Lachisanu masana anamata kagalasi kaja, n'kupukuta m'mbali mwake ndi kansalu konyowa. Anaimika ndege patebulo n'kuchotsa manja pang'onopang'ono. Inaima pa mathayala ake atatu, mphuno osadzuka. Anaizungulira, n'kuwerama kuti aione m'munsi, n'kubwerera pampando.

"Yatha," anatero.

Inali yokongola, ndinene zoona. Mphuno yosongoka, mapiko opendekera kumbuyo, kamunthu kali phee m'kati mwa galasi. Anandiuza kuti ndiinyamule. Inali yopepuka ngati chikho chopanda madzi. Bambo anati, "Pa moyo wanga ndakumba miyala ya eni, ndakonza makina a eni. Ichi chokha ndayamba ndekha n'kumaliza ndekha." Ndinkafuna kunena kuti nanga nyumbayi, nanga ife, koma nditaona nkhope yawo ndinangoibwezera patebulo.

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana pakhomo pathu. Mbumba yonse inalipo, ndi ena ongobwera kudzaonerera. Amuna ena anaunjika mapesi pakati pa bwalo n'kuyatsa moto asanauzidwe ndi aliyense. Bambo anatuluka atavala jekete ndi tayi, ndege ili m'manja. Anapereka moni kwa onse mwaulemu. Anafotokoza kumene inachokera, anaonetsa bokosi, chipepala, timafelemu totsala. Anati amene akufuna aigwire. Palibe anasuntha. Anati chimene chili kumphuno ndi nati ya njinga, ndipo ngati akufuna aing'amba pomwepo kuti aone.

Akazi a malume, agogo ake a mwana uja, anayankha ali pansi, mawu atasasa ndi kulira. "Zimasanduka zimenezo. Mung'amba tipeza nati, inde. Ine ndinaona ndi maso angawa."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Bambo anaika ndege patebulo.

"Ndiye ndiyankhe," anatero. "Mwana uja ndinkamukonda. Sindinamuphe. Ichi ndi chidole, ndipo sindichiwotcha, chifukwa ndikatero ndanama pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu."

Moto wokha ndiye unkathetheka. Ndinayang'ana malume. Anali akuyang'ana pansi, akupotokola chipewa m'manja. Kenako anakonza kukhosi n'kuyamba, "Ndiye alamu, ngati zili choncho..."

Sindinadikire kuti amalize. Ndinkadziwa mawu otsatira. Ndinaona bambo ali kumapiri kozizira ndi chifuwa chawocho, opanda wowaphikira, ndipo mutu unangoti balala. Ndinalumpha, kutsomphola ndege patebulo, n'kuiponya pamoto. Ndinakuwa, "Nachotu! Chapsa! Tsopano asiyeni bambo anga!"

Mapiko anayamba kupindika, galasi n'kufota. Kunatuluka utsi wakuda bii, ndi fungo lija la pulasitiki limene aliyense amalidziwa akawotcha jumbo kudzala. Koma tsikulo palibe analidziwa. Anthu anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Ndinamva wina akuti, "Mwamva fungolo?" Wina, "Taonani utsiwo." Kenako mawu a mayi wina kumbuyo kwanga, osakweza n'komwe: "Mwana wake ndiye amadziwa zonse, amagona nyumba imodzi. Watopa nazo."

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndinatembenuka kuyang'ana bambo. Sankayang'ana moto ayi, ankayang'ana ine.

Malume anapumira m'mwamba. "Chatha," anatero. "Nkhani yatha. Alamu, khalani."

Bambo anamanga batani la jekete. "Zikomo, alamu. Koma mundiperekeze Lolemba."

Ndinalira, ndinagwada, ndinagwira miyendo yawo. Malume nawo anabweranso Lamulungu titaweruka kutchalitchi kudzawadandaulira. Bambo sanakalipe, sanatsutsane ndi aliyense. Anangolongedza zovala m'thiranki lawo lachitsulo la ku Joni, Baibulo pamwamba, n'kundiuza malata amene akudontha kuti ndikonzetse mvula isanayambe.

Lolemba tinanyamuka dzuwa lisanakwere. Malume anamangirira thiranki pa njinga n'kutsogola, akuikankha. Ine ndi bambo tinkabwera pambuyo, pang'onopang'ono, chifukwa ankapuma pafupipafupi. Titafika pa kanjira kolowera kumanda anaima. Kumanda salowako munthu chisawawa, ndiye anangovula chipewa n'kuima pamphambanopo, akuyang'ana mitengo. Sindikudziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Malume anadikira patsogolo osacheuka.

Titayambanso kuyenda ndinati, "Bambo, ndikhululukireni. Ndimafuna mukhale."

"Ndikudziwa."

"Ndiye bwanji mukupita? Anena kuti mukhale."

"Anena kuti mfiti ikhale, poti ndege yake yapsa."

Tinayenda pang'ono. Ng'ombe za munthu wina zinadutsa, tinapatuka.

"Sindinakwiye nawe, mwanangu," anatero. "Alamu anga ali ndi chisoni, akazi awo ali ndi chisoni, enawo ndi amantha. Sindiwaimba mlandu. Koma pa anthu onse anali pabwalo paja, ndimati mmodzi yekha anene kuti bambo anga sanalakwe, n'kukhala pansi."

Tinapitiriza ulendo, malume ali patsogolo ndi njinga.

Kumsewu tinadikira pafupifupi ola. Matola atabwera, malume anakweza thiranki, n'kuwagwira bambo mkono kuti akwere. Anapita nawo mpaka ku Biriwiri monga mwa mwambo, n'kukawasiya m'manja mwa mwana wa mlongo wawo. Ine ndinabwerera ndekha, ndikukankha njinga ya malume.

Ndinkapitako mwezi ndi mwezi ndi kathumba ka mpunga. Ankandilandira bwino, kundifunsa za malata ndi za mbuzi. Kuzizira kwa kumeneko sikunagwirizane ndi chifuwa chawo, ndipo anamwalira m'nyengo yozizira yachiwiri. Ndinapempha kuti tibwere nawo kuno, koma abale awo anakana, ati munawathamangitsa ali moyo, mukuwafuniranji atafa. Anaikidwa komweko, pa phiri. Malo a pambali pa mayi anakhala opanda kanthu zaka zitatu, kenako anaikapo munthu wina.